Gologolo ndi Msuku Wobalira Pansi

Anzanga, dikirani ndipume kaye. Ayi, ndisapume, ndingaiwale. Ndiyamba ndi kumapeto chifukwa mtima wanga ukulephera kusunga: mtengo uja sunagwe. Nkhwangwa inautema kawiri koma sunagwe, ana a Gologolo onse atatu anatuluka m'mphako akuyenda ndi miyendo yawo, ndipo Nyani, kapitawo wa phiri lonse, ananena bodza ndi pakamwa pake pamaso pa nyama zonse, akudziwa kuti ndi bodza, thukuta lili kamukamu. Mathero ake ndi amenewo. Tsopano khalani pansi mumve mmene zinafikira pamenepo, chifukwa m'njiramo ndi moopsa. Iwe Mwandida, leka kuseka. Kuvomera kwanu kuja muzivomera chamumtima, ine ndilibe mpweya wokudikirani.

Padangokhala, phiri lisanapondedwe ndi phazi la munthu, Mfumukazi Nguluwe, mwini phiri la misuku.

Mayiyu ankakonda masuku kuposa china chilichonse, koma kukwera mumtengo sankatha. Ndiye anaika Nyani kukhala kapitawo. Ntchito yake inali kukwera, kugwedeza nthambi, masuku akupsa n'kugwera Mfumukazi pansi. Nyani ankayamba wadya yekha m'mwambamo, otsekemera onse, n'kugwetsa otsala. Mfumukazi sankadziwa. Khosi la nguluwe silipenya kumwamba.

Chaka china masuku anachepa pamphasa ya Mfumukazi, ndipo anafunsa chifukwa chake. Nyani, poopa kuti mimba yake ingamuulule, analoza misuku ina ija imene siibala. Mukuidziwa inu: masamba ake akuluakulu okhuthala ngati inzake, khungwa lomwelo long'alukang'aluka, maluwa imachita, koma suku ngakhale limodzi ayi.

"Mbava zanu ndi izi, Amayi," anatero Nyani. "Imamwa mvula ya inzake, kubala osabala. Idulidwe."

Lamulo linatuluka. Msuku wosabala udulidwe. Koma wodula msuku wobala, kapena wothyola suku losapsa, adzadulidwa mchira n'kupirikitsidwa paphiripo. Nkhwangwa anapatsa Nungu, mkulu wosayankhulayankhula, woopa malamulo kuposa mkango. Nungu anadula mbali yonse ya kummawa, anadula ya kumpoto, mpaka mvula inamuletsa. Unatsala umodzi wokha, cha kumadzulo. M'mphako ya mtengo umenewo ndi mmene munkakhala Gologolo.

Chilimwe chitafika, nyenje zikulira, masuku ali mbwee m'nthambi koma akadali ouma gwa, Gologolo anabereka ana atatu. Analibe ubweya, maso osatsegula. Mmawa wina anangomva mtengo wonse ukunjenjemera. Kho.

Anasuzumira. Pansi panali Nungu akuzula nkhwangwa m'khungwa, ndi Nyani atakhala pamwala akudzikanda m'khwapa.

"Odi kumeneko, mayi," anatero Nyani. "Tulukani. Nyumba ikugwa lero."

"A Kapitawo, muli makanda muno. Sanaone n'dzuwa lomwe."

"Atsitseni, ine ndiwalandira." Anatambasula manja onse awiri, akunyambita milomo. "Ndimakonda ana ine. Funsani a Gwape."

Zoti Nyani anadya mwana wa Gwape phiri lonse linkadziwa. Pakamwa pa mphako panali popapatiza, dzanja la Nyani silikanalowa, koma kunja kwa mphakoyo kunalibe kothawira. Mphako zina zonse zinapita ndi mitengo yodulidwa ija, ndipo m'mwamba kabawi ankazungulira.

"Imani ndikuuzeni zoona," anatero Gologolo. "Mtengo uwu ndi wamphongo. Ine ndimakhala muno, ndimaona. Nthawi ya mvula ukachita maluwa, njuchi zimadzipaka mungu wake n'kupita nawo ku misuku yaikazi iyo. Popanda uwu, iyo siingabale. Pitani kummawa kumene munadula chaka chatha, mukaone ngati kuli suku."

Nyani anaseka mpaka anatsetsereka pamwala.

"Mitengo yayamba kukwatirana? Ankhoswe ake ndani, njuchi? Kummawa kunagwa mvula yochepa, basi. A Nungu, pitirizani."

Nungu ananyamula nkhwangwa. Gologolo anaona kuti zoona zakanika, ndiye anatola bodza.

"Dulani, a Nungu," anatero, mawu ake ali phee. "Mchira ndi wanu. Ine ndimafuna chinsinsi chikhale changa, koma poti mwalimbikira, dulani msuku wobala."

Nkhwangwa inaima m'malere.

"Wobala?" anafunsa Nungu.

"Umabala."

"Kuti?"

"Pansi, ngati nzama. Ndi wamanyazi, sufuna kuonetsa ana ake kwa mbalame."

"Pompano umati ndi wamphongo," anatero Nyani.

"Ndimateteza chakudya changa. Mukanakhala inu mukanaulula?"

Nungu anatsitsa nkhwangwa pang'onopang'ono. "Ine mchira wanga ngwaufupi kale," anatero. "Kawaitaneni Amayi, a Kapitawo. Ndidikira pano."

Nyani anapita akung'ung'udza. Ana anali akulira chifukwa cha kugwedezeka kuja, ndiye Gologolo anawafungatira n'kuyamba nyimbo. Inali nyimbo yapang'onopang'ono, yogonetsa mwana, ya mizere yaifupi. Inkauza anawo kuti agone, kuti nkhwangwa ndi mlendo, ndipo mlendo sachedwa kutsanzika. Pamapeto pa mzere uliwonse panali pongong'ung'uza m'mphuno, pamene wina angavomere. Nungu sanavomere, koma chala chake chinkagogoda pa mpini motsatana ndi nyimboyo, iye osadziwa.

Mfumukazi anafika akupuma wefuwefu, matope ali m'nthiti.

"Ndani akuti masuku ali pansi?"

"Ndine, Amayi."

"Oti ndingathe kukumba ndekha ndi mphuno yangayi? Osadikira wina kumwamba?"

"Nokha, Amayi."

Nkhope ya Nyani inasintha. Mfumukazi anazika mphuno m'dothi nthawi yomweyo, koma Gologolo ankadziwa kuti pansipo panalibe kanthu ngakhale kamodzi.

"Musakumbe lero, Amayi. Nkhwangwa yaudzidzimutsa, wabweza ana ake m'mizu. Upatseni nthawi uiwale."

"Mkuja ndikubwera."

"Mkuja n'pafupi, Amayi."

"Njala yanga ndiye ili pafupi kwambiri. Mkuja. Ndikapeza dothi lokhalokha, mtengo ugwe, ndipo za iwe ndi ana ako adziwa ndi Kapitawo."

Mukufunsa kuti bodzali analitenga kuti. Gologolo amakwirira zinthu, ndi khalidwe lake. Chaka china anakwirira suku louma n'kuliiwala, ndipo ataligwera patapita masiku analipeza lofewa, lonunkhira, anzake a m'mitengo akadali miyala. Kumeneko ndi kuvundika. Nyama zina zonse sizinkakudziwa.

Dzuwa litafika paliwombo, nyama zonse zitagona m'mithunzi malilime ali panja, Gologolo anasiya ana ake n'kudumphira mu msuku waukazi woyandikana nawo. Anasankha masuku okhwima, amene anali atayamba kufiirira, n'kumaluma paphesi, limodzilimodzi, n'kumatsika nalo. Lililonse mwa iwo likanamudulitsa mchira. Masamba ouma a msuku mukuwadziwa mmene amalirira ukawaponda, ndipo pansi ponse panali amenewo. Kamodzi anaponda molakwa. Khwaa. Nyani, atagona pamwala wake, anatsegula diso limodzi. Gologolo anauma, suku lili kukamwa, malovu akumutsamwitsa. Disolo linazungulira, linazungulira, n'kutsekanso.

Anakumba maenje awiri patsinde pa mtengo wake, mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Lina kumthunzi, lina kudzuwa, pamene moto wolusa unasiya phulusa. Anayala masamba a msuku pansi, n'kuika masuku, n'kufunditsa masamba ena, n'kukwirira, n'kusesa pamwamba ndi mchira.

Mkuja uja unafika. Gologolo analoza dzenje la kumthunzi, la kudzuwa n'kulisunga. Mfumukazi anakumba, anakumba, mphuno yake n'kugunda chinthu. Masuku anagubuduka padothi.

Nungu anati, "Aa."

Mfumukazi anatola limodzi n'kuluma. Linali louma. Utomoni wake unamumata lilime, milomo n'kukwinyika ngati wamwa mankhwala. Analavula.

"Dula."

Kho. Mtengo unagwedezeka kachiwiri, fumbi la m'mphako linagwera ana m'maso, ndipo analira onse atatu.

"A Nungu," anafuula Gologolo, "lamulo limati chiyani? Msuku wosabala, kapena msuku wosapsa?"

Nungu anaima, nkhwangwa ili paphewa. "Wosabala."

"Nanga awo ali pamapazi anuwo ndi chiyani?"

"Masuku."

"Osapsa. Ine ndinanena kuti mkuja n'pafupi. Ndipo lamulo lomwelo lili ndi mbali ina, ya masuku osapsa, koma ine ndine wamng'ono, sindinganene."

Nungu anangotembenuza mutu n'kuyang'ana mchira wa Mfumukazi. Mfumukazi anaupanira pakati pa miyendo.

"Ine sindinathyole, ndakumba," anatero mofulumira. "Ndibwerenso liti, iwe?"

"Mukamva ndikuimba nyimbo ya ana anga mokweza."

"Uimbe m'kamwa mwanga musanasiye kumata. Mukasiya iwe usanaimbe, ndibwera ndi nkhwangwa, osati ndi mphuno."

Kuyambira pamenepo Gologolo ankatsika mmawa uliwonse kukanunkhiza dzenje la kudzuwa. Dothi lokha. Mawa lake, dothi lokha. Nyani ankabwera tsiku ndi tsiku kudzakhala pamwala wake n'kumamuuza za m'kamwa mwa Mfumukazi. "Dzulo anadya bowa wouma osadandaula." "Lero ayimba likhweru, mayi. Lilime lamasuka." Nungu ankanola nkhwangwa pambali, osayang'ana aliyense.

Mmawa wina fungo linatuluka m'dothi. Gologolo anathamangira pamwamba penipeni n'kuyamba nyimbo ija. Mawu anali omwewo, a mlendo amene sachedwa kutsanzika, koma anaikweza mpaka inamveka kutsidya kwa khwawa. Asanaimalize, tchire linayamba kuthyokathyoka. Mfumukazi ankabwera chothamanga.

Anakumba pamene panali phulusa. Fungo linamumenya m'mphuno asanawaone. Masuku anali ofewa, khungu lake longophulika ukalikhudza. Anapsipa limodzi, n'kulavula njere, n'kupsipa lina, maso atatsinzina. M'mitengo yonse ya phirilo munalibe suku lakupsa ngakhale limodzi, koma iye anadya mpaka madzi ake anayenderera m'ndevu.

"Kapitawo," anatero pakati pa kudya, "bwanji awa akutsekemera kuposa amene umandigwetsera aja?"

Nyani anangotsikira m'dzenje n'kutulutsa tsamba.

"Amayi, mtengo uwu umadziyalira wokha masamba pansi pa dothi?"

"Inu mwana wanu mumamugoneka padothi?" anafunsa Gologolo.

Nyani anatola khungu la suku n'kulitembenuza. "Nanga mano ang'onoang'ono awa paphesi?"

"Mfuko. Imandibera chaka ndi chaka."

"Chabwino, mayi. Pakamwa muli napo." Nyani anatembenukira kwa Mfumukazi n'kugwada. "Amayi, mtengo wobala saopa maso. Ubalenso ine ndikuona. Anyamata anga akhale mu msuku waukazi uliwonse, usana ndi usiku, osatsika. Ine ndikhala patsinde pano. Mayiyu asaponde pansi, asadumphire mtengo wina. Ukabala, ine ndine wabodza."

Mfumukazi ankanyambita mphuno, akufuna ena. "Zikhale choncho. Tsiku limene suku loyamba lidzagwe lokha mumtengo, ndibwera ndi phiri lonse. Ndikapeza masuku, mtengo uwu ukhale mpaka kalekale. Ndikapanda kupeza, a Nungu asadzaimenso, ngakhale wina atanena zotani."

Esinati, wasiya kutafuna chingamu. Ine ndinakuuzani kuti ndi moopsa.

Anyamata a Nyani anakwera m'misuku yonse yozungulira. Kulikonse kumene Gologolo akanayang'ana kunali nkhope ya nyani. Nyani wamkulu anakhala patsinde, msana atatsamira mtengo, Nungu ali pambali ndi nkhwangwa yake. Gologolo sakanatha kutsika ngakhale kukafuna chakudya. Ankatafuna khungwa la m'kati mwa mphako. Mkaka unayamba kuchepa. Ana anali atamera ubweya, maso atatseguka pang'ono, koma miyendo inali ikadali yofooka, ukawaimiritsa ankagwa chammbali.

"Mayi, muli moyo?" ankafunsa Nyani. "Ana akunenepa? Muziwadyetsa bwino."

Gologolo ankangotafuna khungwa lake. Kachidutswa ka khungwa kanapulumuka m'kamwa mwake n'kugwera kuseri kwa chisa. Anamva kakugunda, kakugundanso, kakupita, kakupita, n'kukatera kutali pansi. Anakankha zinyalala n'kusuzumira. Chisa chake chinali pa kashelefu chabe. Kuseri kwake chiswe chinali chitadya mtima wonse wa mtengo, kuchokera pamphako mpaka kumizu, ndipo mpweya wochokera pansipo unali wofunda.

Malo ovundikira anali atapezeka. Masuku ndiwo analibe, ndipo onse anali m'manja mwa adani ake.

Anakankhira ana kungodya n'kuwafunditsa. Kenaka anatulutsa mutu pakamwa pa mphako, dzuwa likuswa mtengo, nyani aliyense atatopa ndi kukhala, n'kuyamba nyimbo ija. Mayimbidwe anali omwewo, ogonetsa mwana, koma mawu anali atsopano. Inkafunsa chimene chinasupula ubweya kumbuyo kwa a Kapitawo, n'kudziyankha yokha kuti n'kukhalira pamwala kulondera mayi wa makanda. Inkatchula anyamatawo mmodzimmodzi, uyu mphuno yake, uyo mano ake, n'kunena kuti onse pamodzi sangagende chulu ngakhale atachikhalira. Pong'ung'uza paja ankatsanzira kulira kwa nyani wogwidwa pamsampha.

Nungu anatsokomola n'kubisa nkhope.

"Tseka pakamwa, iwe," anatero Nyani.

Gologolo anabwereza mzere wa ubweya uja, mokweza.

Nyani anatola mwala n'kuponya. Unagunda khungwa pafupi ndi khutu la Gologolo. Iye anaonjezera mzere wina, wa mwala umenewo. Kachinyamata kena mumtengo kanaseka mosafuna, ndipo pamenepo Nyani anapsa mtima zenizeni.

"Mukuseka chiyani? Mugendeni. Mugendeni nonse."

Anyamatawo anali ataletsedwa kutsika, ndipo mumtengo mulibe miyala. Anathyola chimene chinali pafupi ndi dzanja. Masuku ouma anayamba kuuluka kuchokera mbali zonse. Ena ankagunda khungwa n'kugwa pansi, ena ankalowa m'mphako. Gologolo anatembenuka n'kuphimba ana ndi msana wake. Lina linamumenya paphewa, lina pamutu, diso limodzi linatupa, koma sanaleke kuimba, ndipo lililonse lolowa ankalikankha ndi mwendo kuti ligwere kuseri kwa chisa.

Mkwiyo utatha, Nyani anayang'ana pansi. Masuku osapsa anali mbwee kuzungulira mtengo. Anagwira mchira wake.

"Ndani anakuuzani kuti muthyole?" ananong'oneza.

"Munati timugende, amalume," anayankha mmodzi.

Nyani anayang'ana njira imene Mfumukazi amadzera. Anayang'ana Nungu. Nungu ankayang'ana nyerere. Nyani anayamba kutola masuku aja mofulumira, n'kukwera nawo, n'kumawakankhira m'mphako limodzi pambuyo pa linzake, kuti abise mlandu wake ndi kumuthina Gologolo nthawi imodzi.

"Umafuna masuku? Idya. Akumate m'kamwa, tione ngati uimbenso."

Gologolo ankalira ngati akupanikizika, uku akukankhira lililonse pansi. Kamphako kakang'ono kameneko kanameza mulu wonse osadzaza, koma Nyani anali ndi mantha ambiri, sanadzifunse chifukwa chake.

Nyani atatsika, Gologolo analowa m'kati mwa mtengo mpaka pansi. Masuku anali mulu pakati pa mizu, mumdima. Ena anali anthete kwambiri, osati n'kupsa, chifukwa nyani sasankha. Anawakwirira ndi fumbi la chiswe, koma linachepa. Anakweranso n'kuphwasula chisa, masamba onse ndi udzu wonse umene ana ankagonera, n'kukafunditsa masuku. Ana anagona pa mtengo wouma, iye n'kuwafunditsa mchira.

Ndiye anadikira. Masuku a m'nthambi ankafewa tsiku ndi tsiku, ndipo iye ankawayang'ana ngati mdani. Akatsika kukanunkhiza ake, fungo linali la chiswe chabe. Akakwera, ankapeza Nyani akumwetulira m'mwamba.

Tsiku lina kunawomba kamphepo. Mu msuku woyandikana nawo tsamba linagwedezeka, ndipo china chake chinagwa. Phi.

"Kaitaneni Amayi," anatero Nyani.

Phiri lonse linabwera. Mfumukazi sanapereke moni. Anakumba dzenje la kumthunzi, dothi lokha. Anakumba la kudzuwa, phulusa lokha. Anazungulira mtengo akufukula uku ndi uku, mpaka mphuno inachita mikwingwirima ndi miyala, chifukwa msuku sukonda dothi lofewa la kudambo, umamera pouma pamiyala. Panalibe kanthu. Nungu analavulira m'manja n'kugwira mpini. Nyani anakaima pansi pa mphako penipeni, manja atatambasula.

"Pakati pa mizu iwiri iyo, Amayi," anatero Gologolo. Mawu ake anali atasasa. "Pansi penipeni."

"Ndatopa, iwe."

"Kamodzi kokha."

Mmawa umenewo Gologolo anali asanatsike kukanunkhiza. Sankadziwa ngati apsa.

Mfumukazi anapumira m'mwamba n'kuzika mphuno pakati pa mizuyo. Anatulutsa mwala. Anatulutsa dothi lofiira. Nungu ananyamula nkhwangwa. Mphuno inakankhanso, mtengo wofumbwa unabooka, ndipo fungo linatuluka mpaka nyama za kumbuyo zinatukula mitu. Masuku anakhuthukira pamapazi a Mfumukazi, ena ouma, ena ovunda, koma ambiri ofewa, akupsa, ochuluka kuposa a maenje awiri aja pamodzi.

Nyani anadumpha. "Amayi, musanyengedwe. Awo ndi masuku amene..."

Anaima.

"Amene chiyani, a Kapitawo?" anafunsa Gologolo. "Malizani, tonse tikumva."

"Amene chiyani?" anafunsa Mfumukazi, m'kamwa muli modzaza.

Nyani anayang'ana m'mitengo. Anyamata ake onse anali atagwira michira yawo ndi manja awiri. Anayang'ana Nungu. Nungu ankayesa kuthwa kwa nkhwangwa ndi chala chachikulu.

"Ine ndikafunsidwa ndimayankha," anatero Nungu, osayang'ana aliyense. "Sindinafunsidwe."

Thukuta linatsika pamphuno pa Nyani n'kudontha.

"Amene mtengo wabala," anatero.

"Sindinamve," anatero Mfumukazi.

"Mtengo umabala."

"Umabala kuti, a Kapitawo?" anafunsa Gologolo. "Akumbuyo sakumva."

"Pansi."

"Ngati chiyani?"

"Ngati nzama."

Mfumukazi anameza n'kulavula njere. "A Nungu, ikani nkhwangwa pansi. Mtengo uwu ndi wanga, ndipo mayiyu ndi mlonda wake." Anatola suku lina, n'kulifikitsa kukamwa, n'kuima. Anayang'ana cha kummawa, kumene kunali zitsa zokhazokha. Anaganiza nthawi yaitali, chifukwa nguluwe siganiza mofulumira.

"Kapitawo. Ngati uwu umabala pansi, ndiye ija yonse unandidulitsa inali nkhokwe zanga?"

"Ine ndinkadula pamene a Kapitawo ankaloza," anatero Nungu msangamsanga, n'kutolanso nkhwangwa.

Nyani sanadikire mlandu. Analumpha pamwamba pa Mfumukazi, anyamata ake akugwa m'mitengo ngati masuku, ndipo anatsika phiri lonse mchira atautukula kuti nkhwangwa isaupeze. Mpaka lero mukamuona, mchira wake ndi wopindika pafupi ndi thupi, ndipo amayenda akucheuka.

Zitsa zija zinaphuka mphukira, ndipo Mfumukazi analamula kuti wina asazikhudze. Zitakula n'kuchita maluwa, misuku yaikazi ya kummawa inayambanso kubala, koma palibe anafunsa chifukwa chake. Gologolo naye sanapume. Bodza lake linkafuna kudyetsedwa, ndiye chilimwe chilichonse ankavundika masuku patsinde paja, ana ake atatu akumuthandiza kukumba, ndipo zidzukulu zake zikukwirirabe zinthu mpaka pano.

Nthano yanga yapsa, yagwa yokha, tolani.

Koma musanyamuke, nkhani yabwino ndi iyi. Kuseri kwa sukulu yathu, ukapitirira pa mjigo n'kukwera pang'ono, pali msuku umodzi wopanda suku pakati pa anzake odzaza. Sabata yatha ndinavundika anga patsinde pake, m'masamba ake omwe, osauza munthu. Lero podutsa ndinagwada n'kununkhiza dothi, mpaka yunifolomu yanga yada m'mawondo, ndipo anzanga, fungo likutuluka. Mawa tikaweruka musapite kwanu. Mwandida ubwere ndi kakhasu ka amayi ako, Esinati ubwere ndi lichero. Mubwere nonse mudzaone.